Pablo Picasso, katswiri wojambula amene anaphunzira kwa osema a ku Africa

Pablo Picasso anabadwa pa 25 Okutobala 1881 mumzinda wa Málaga, kumwera kwa dziko la Espanha. Bambo ake anali mphunzitsi wa zojambula, choncho mwanayo anayamba ntchitoyi akali wamng'ono. Mu 1904 anakakhazikika ku Paris, m'dziko la França, komwe ankagona m'nyumba yakale yozizira pamodzi ndi anzake osauka ngati iye.

Masiku amenewo, anthu ambiri ku Ulaya ankayamikira chithunzi chofanana ndendende ndi mwini wake. Achinyamata ena ojambula anali atatopa nazo. Mu 1906 mnzake Henri Matisse anagula m'sitolo ina ya ku Paris kachiboliboli kosemedwa ndi anthu a mtundu wa Vili a ku Congo, n'kumuonetsa Picasso. Mu 1907 Picasso analowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Trocadéro, momwe munadzaza zigoba zakumaso ndi ziboliboli, zambiri zochokera m'maiko olamulidwa ndi atsamunda. Munali fumbi ndi fungo la chinyezi, koma iye sanafulumire kutuluka.

Chaka chomwecho anamaliza chithunzi chachikulu cha akazi asanu, chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon. Awiri a kudzanja lamanja nkhope zawo zikuoneka ngati zigoba: mphuno zazitali zopindika, maso osalingana, masaya a mizeremizere ngati mphini. Ngakhale anzake omwe sanachimvetse, ndipo sichinaonetsedwe pagulu mpaka 1916. Lero chili ku New York. Pochokera pamenepo, iye ndi Georges Braque anayambitsa cubismo, kajambulidwe koonetsa chinthu chimodzi ngati ukuchiona mbali zingapo nthawi imodzi.

Chidwi cha azungu pa zosema zoterezi chinatchedwa primitivismo, kuchokera ku mawu otanthauza zinthu za anthu osatukuka. Dzinali ndi lachipongwe. Osemawo anali amisiri ophunzitsidwa ndi akuluakulu, ndipo ankadziwa chifukwa chake akutalikitsa mphuno kapena kukuza diso. Anthu a ku Angónia ndi ku Macanga, kwawo kwa Gule Wamkulu, safuna wowauza kuti chotuluka kudambwe si chokongoletsera khoma. Ku Paris zigoba zija ankazikoleka pamsomali, popanda ng'oma, popanda bwalo, popanda dzina la amene anasema.

Picasso mwini sanali wolunjika pankhaniyi. Anagula zosema za ku Africa zambiri n'kuzisunga mpaka kukalamba, komabe pambuyo pake anakana kuti zinamuthandiza pachithunzi chija, ndipo ankaloza ku ziboliboli zamakedzana za kwawo ku Espanha. Nkhope zitatu zinazo zikumuvomereza. Ziwiri zija ayi.

Mu 1937 anajambula Guernica, polira tauni ya dzinalo imene ndege za Germany ndi Italy zinaphulitsa ndi mabomba. Anamwalira pa 8 Epulo 1973 ku Mougins, kumwera kwa França, ali ndi zaka 91, wolemera kwambiri. Zosema zambiri za ku Trocadéro tsopano zili m'nyumba ya Quai Branly ku Paris konko. Mu Novembala 2021 dziko la França linabweza ku Benin zinthu 26 za m'nyumbayi, zimene asilikali ake analanda ku Abomey mu 1892.