Lejaren Hiller: Wasayansi Amene Adaphunzitsa Kompyuta Kupeka Nyimbo

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mwambiwu umanenedwa kawirikawiri kwa wophunzira amene akufuna kutenga maphunziro awiri osiyana nthawi imodzi. Mbiri ya Lejaren Hiller, katswiri wa ku America, ikusonyeza kuti nthawi zina mapanga awiriwo amakhala ndi khomo limodzi.

Hiller adabadwa pa 23 February 1924 mumzinda wa New York. Ali mwana adaphunzira kuimba piyano ndi zitoliro zosiyanasiyana. Atapita ku yunivesite ya Princeton adasankha sayansi ya kemisitiri, koma sadasiye nyimbo. Pa nthawi yomweyo ankaphunzira luso lopeka nyimbo kwa akatswiri awiri, Roger Sessions ndi Milton Babbitt. Adalandira digiri ya PhD ya kemisitiri m'chaka cha 1947 ali ndi zaka 23 zokha. Kenaka adagwira ntchito zaka zisanu ku kampani ya DuPont, komwe adapeza njira yonyikira mu utoto ulusi wa Orlon.

M'chaka cha 1952 adakayamba kuphunzitsa kemisitiri ku yunivesite ya Illinois. Chaka chomwecho yunivesiteyo idamaliza kupanga kompyuta yotchedwa ILLIAC, chimakina chokhala ndi machubu agalasi pafupifupi 2,800. Pa kafukufuku wake, Hiller ankagwiritsa ntchito njira ya masamu yotchedwa Monte Carlo, momwe kompyuta imatulutsa manambala mwachisawawa kenaka nkusunga okhawo amene akutsata malamulo omwe yapatsidwa. Apa mpamene maphunziro ake awiri adakumana. Iye adaona kuti wopeka nyimbo amachitanso chimodzimodzi: amayesa manoti ambiri, nkutaya osayenera, nkusunga oyenera.

Mothandizana ndi mnzake Leonard Isaacson, Hiller adasandutsa manoti kukhala manambala. Adaika mu kompyuta malamulo akale a kaphatikizidwe ka mawu m'nyimbo, omwe Johann Joseph Fux adalemba m'chaka cha 1725. Kompyuta inkatulutsa noti, nkuiyesa pa malamulowo. Ikalephera, inkataya nkutulutsa ina. Zotsatira zake zinkalembedwa m'manoti wamba kuti anthu aimbe pa zida zinayi za nsambo. Umu ndi momwe idabadwira nyimbo ya Illiac Suite. Magawo atatu oyamba adaimbidwa pagulu mu August 1956, ndipo nyimbo yonse ya magawo anayi idasindikizidwa m'chaka cha 1957. Ambiri amaitenga ngati nyimbo yaikulu yoyamba kupekedwa ndi kompyuta.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti kompyutayo sikadatha kupeka chilichonse popanda munthu wodziwa bwino nyimbo. Lamulo lililonse lomwe woimba amatsata mongomva m'khutu linkayenera kufotokozedwa momveka kuti makina alitsate. Woimba wosadziwa masamu sakadatha kulemba pulogalamuyo, ndipo wamasamu wosadziwa nyimbo sakadadziwa choti auze makinawo.

Komabe ntchitoyi idamubweretsera mavuto. Oimba ena ankamuona ngati wasayansi wolowerera zosamukhudza, ndipo ena ankaopa kuti makina adzalanda ntchito ya opeka nyimbo. Hiller sadabwerere m'mbuyo. M'chaka cha 1958 adalandira digiri yachiwiri ya nyimbo, nkuchoka ku dipatimenti ya kemisitiri kupita ku ya nyimbo, komwe adakhazikitsa situdiyo yoyeseramo nyimbo zopangidwa ndi makina amagetsi. M'chaka cha 1959 iye ndi Isaacson adasindikiza buku la Experimental Music lofotokoza njira zawo.

M'chaka cha 1968 adasamukira ku yunivesite ya ku Buffalo monga pulofesa wa kapekedwe ka nyimbo. Chaka chotsatira, nyimbo ya HPSCHD, yomwe adapeka ndi John Cage mothandizidwa ndi kompyuta, idaimbidwa koyamba ku Illinois. Adapuma pa ntchito m'chaka cha 1989 atagwidwa ndi matenda a Alzheimer, ndipo adamwalira pa 26 January 1994.

Lero mayunivesite ambiri amapereka madigiri ophatikiza nyimbo ndi sayansi ya kompyuta. Hiller adadzilambulira yekha njirayo pa nthawi yomwe digiri yotere kudalibe, ndipo adatheka kutero chifukwa mbali zonse ziwiri adaziphunzira mozama.