Robert Laws ndi Tauni Yapaphiri la Khondowe

Munthu wochokera ku Chitimba, m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, akafuna kukafika ku Livingstonia amayenera kukwera msewu wa Gorodi, womwe uli ndi makona pafupifupi 20 okhotakhota m'mbali mwa phompho. Akafika pamwamba, mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe pali nyanja, amapeza tchalitchi cha njerwa, chipatala, sukulu ndi nyumba zakale zondandalikana bwino m'mphepete mwa msewu. Funso lomwe mlendo aliyense amadzifunsa ndi lakuti kodi adaganiza zomanga tauni pamalo ovuta kufikako chonchi ndani? Yankho lake ndi Dr. Robert Laws, ndipo nkhani ino ikufuna kuonetsa kuti malo omwe iwo adasankha ndiwo adaumba chuma cha tauniyi mpaka lero.

A Laws adabadwa mu 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo awo adali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso adayamba ndi ntchito yomweyo asanalowe ku yunivesite komwe adaphunzira zaudokotala ndi zaubusa. Mu 1875 adabwera kuno ndi gulu la amishoni lotsogozedwa ndi E.D. Young, lomwe lidafika pa Cape Maclear ndi sitima yotchedwa Ilala. Pamenepo nkuti ali ndi zaka 24 zokha.

Zaka za pa Cape Maclear zidali zowawa. Malungo adapha amishoni angapo, pomwe munthu wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe, mu 1881. Chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumeneko sukulu zidayenda bwino chifukwa anthu adalipo ambiri ndipo adali ndi ludzu la maphunziro, koma malungo sadaleke. Banja la a Laws lenilenilo lidalawa zowawazi: mwa ana asanu ndi atatu omwe mayi Margaret Laws adabereka, adakula ndi mmodzi yekha, Amelia. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo kudali kusanadziwike kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross adatulukira zimenezi mu 1897. Chomwe amishoni ankaona nchakuti kunyanja anthu akufa, kumapiri akukhala ndi moyo. Choncho munthu woika m'manda ana ake motsatizana sitingamudabwe ngati maso ake adali kumtunda.

Mu 1894 a Laws adasankha Khondowe, chitunda chafulati chomwe lero chili m'boma la Rumphi, pakati pa nyanja kummawa ndi mapiri a Nyika kumadzulo. Malowa adali ndi mphepo yozizira, mitsinje yosaphwa, mitengo ya matabwa ndi dothi loumbira njerwa. Chomwe chidasowa ndi anthu. Eni dera, Aphoka, ankakhala mobalalika m'zigwa ndi m'matherezi chifukwa choopa nkhondo za Angoni, ndipo mpaka pano alendo amaonetsedwa mapanga a kuseri kwa mathithi a Manchewe momwe anthuwa ankabisala. Kunena mwachidule, mishoni zina zinkatsata anthu komwe ali, koma a Laws adamanga tauni kaye kuti anthu aitsate.

Ndipo adaitsatadi. Sukulu yomwe adatsegula, yotchedwa Overtoun Institution potengera dzina la Lord Overtoun yemwe ankathandiza ndi ndalama, idakoka ophunzira kuchokera ku Bandawe, Ekwendeni, Karonga ngakhalenso kunja kwa dziko lino. Kuphatikiza pa uphunzitsi ndi ubusa, ankaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ukalaliki, kutumiza matelegalamu ndi ntchito zachipatala. A Laws adali munthu wosalola kanthu kuchitika mwachisawawa, ndipo umisiri wa bambo awo sudawachoke. Adakoka madzi a m'mipope kuchokera m'mapiri, adalambulitsa msewu wotsikira kunyanja, ndipo pofika 1905 pa Livingstonia pankayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, midzi yonse yozungulira ikadali pa nsakali. Chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa mu 1911.

Koma apa ndi pomwe pagona nkhani. Tauni imakula ngati ili ndi chogulitsa komanso njira yotulutsira katunduyo. Khondowe adali kutali ndi misika ya ku Blantyre ndi Zomba, ndipo chilichonse cholowa kapena kutuluka chinkadalira sitima yapanyanja ndi mitu ya amtengatenga pachitunda chija. Ndalama zoyendetsera zonse zinkachokera ku Scotland. Nanga mnyamata wodziwa Chingerezi ndi kutaipa akadagwira ntchito yanji pakati pa Aphoka? Mapeto ake, katundu weniweni yemwe Livingstonia ankatumiza kunja adali anthu. Ophunzira ake adadzaza maofesi, masitolo ndi migodi ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia, Katanga ndi South Africa. Clements Kadalie, yemwe adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adaphunzira pomwepa. David Kaunda, bambo a Kenneth Kaunda, nayenso adachokera pasukuluyi kupita ku Chinsali. Dera lidatchuka ndi maphunziro, koma phindu lalikulu la maphunzirowo lidakadyedwa kwina.

Pali chinanso chomwe sitiyenera kuwabisira a Laws. Ngakhale adaphunzitsa Amalawi mpaka pamlingo wapamwamba, mishoni yomwe ankatsogolera idachedwa kuwapatsa udindo. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, patatha zaka zambiri atamaliza maphunziro. Charles Domingo, yemwe adakulira m'manja mwa a Laws enieniwo, adatopa nkudikira ndipo adachoka mumpingomo. Komabe a Laws omwewa ndiwo adalimbikitsa Levi Mumba ndi anzake pomwe ankayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912.

Ife ophunzira zilankhulo tili nawo mangawa athuathu. Iwo adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, chomwe chidasindikizidwa mu 1886, ndipo mu 1894 adatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja. Chodabwitsa nchakuti tauni yomwe adamanga siyankhula chilankhulo chomwe adachivutikira chotere. Poyamba sukulu za mishoniyi zinkagwiritsa ntchito Chinyanja, koma pang'onopang'ono Chitumbuka, chilankhulo cha eni dera, chidatenga malo.

A Laws adachoka m'dziko muno mu 1927, atakhala zaka 52, ndipo adamwalira ku London mu 1934. Loto lawo la yunivesite lidakwaniritsidwa mu 2003 pomwe Sinodi ya Livingstonia idatsegula University of Livingstonia, ndipo nyumba yawo ya miyala, Stone House, idasanduka malo osungirako zinthu zakale. Anthu a m'midzi yozungulira amalima chimanga, chinangwa, nthochi ndi khofi, ena adagwirako ntchito m'migodi ya malasha ya Mchenga ndi Kaziwiziwi. Koma pachitunda penipenipo, wogulitsa tomato, wochititsa lendi ndi wa njinga yamoto onse amawerenga masiku kuti ophunzira atsegulira liti.