Henry Nxumalo (1917–1957): Mtolankhani Amene Anadzimangitsa Dala

Dzina lakuti Nxumalo si lachilendo kwa iwo odziwa mbiri ya Angoni, pakuti ndilo mfunda wa mafumu a Andwandwe, amene Zwangendaba anali pansi pao asanayambe ulendo wodza kuno. Henry Nxumalo anabadwa mu 1917 kufupi ndi Port Shepstone, ku Natal, ndipo anaphunzira pasukulu ya mishoni ya Fascadale. Atapita ku Johannesburg analowa ntchito kunyuzipepala ya Bantu World ngati mtengamakalata, koma cholembera chao chinawakweza mpaka kukhala mkonzi wa zamasewera. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakatumikira kumpoto kwa Africa nafika pa udindo wa sajeni.

Mu 1951 analowa magazini ya Drum ya Jim Bailey, imene pa nthawiyo inali kungoluza ndalama polemba zimene Azungu ankaganiza kuti munthu wakuda amakonda. Nxumalo anali m'gulu la amene anaitembenuza kuti ilankhule za moyo wa m'malokesheni.

Ntchito imene iyenera kutikhudza ife kwambiri ndi ya ku Bethal. M'minda ya mbatata yachizungu ya kumeneko munkagwira anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, abale athu opita ku Joni popanda ziphaso, amene olemba anthu ntchito ankawakola panjira. Munthu ankangogwiritsidwa pensulo, basi pangano lamangidwa, iye osadziwa chimene wavomera. Ankavala masaka, kukumba mbatata ndi manja, kukwapulidwa ndi akapitao, ndipo usiku ankatsekeredwa m'makomboni. M'busa Michael Scott ndi Ruth First anali ataulula kale zimenezi mu 1947, koma nkhanza sizinathe. Nxumalo anapitako, nayenda m'mafamu pamodzi ndi wojambula zithunzi Jürgen Schadeberg, ndipo nkhani yao inatuluka mu Marichi 1952 pansi pa dzina lakuti Mr Drum. Ndimakhulupirira kuti m'midzi mwathu muli mabanja amene anatcha mwana wao mtchona, pomwe iye anatsikira kulichete m'minda imeneyo.

Mu 1954 anachita chinthu chimene atolankhani ochepa angayerekeze. Anayenda usiku dala popanda chiphaso kuti apolisi awagwire, ndipo anakhala masiku asanu m'ndende ya Number Four. Kumeneko anaona akaidi akumenyedwa ndi kuvinitsidwa tauza, kudumpha ali mbulanda kuti alonda aone ngati sanabise kanthu m'thupi. Boma likadakana, koma Bob Gosani anajambula mchitidwewo ali pamwamba pa nyumba yoyandikana ndi ndendeyo. Chaka chotsatira Nxumalo anakalembedwa ntchito pafamu ina ya ku Rustenburg ndi dzina lonama, ndipo anathawako usiku atadzionera okha zimene antchito ankakumana nazo.

Anzao ankawadziwa ngati munthu wansangala, wokonda kucheza m'mashabini, ndipo nkhani zambiri ankazitola komweko. Anaphedwa mu 1957, pa nyengo ya chikondwerero cha chaka chatsopano, atabayidwa ndi mipeni ku Johannesburg pamene ankafufuza za dokotala wina wochotsa mimba mobisa. Palibe amene anaweruzidwa pa imfayo. Mu 2004 Zola Maseko anatulutsa kanema wotchedwa Drum wofotokoza moyo wao, ndipo mu 2005 boma la South Africa linawapatsa ulemu wa Order of Ikhamanga.