Du Chisiza, Mmisiri wa Zisudzo (1963–1999)

Ambiri mwa ife a ku Angónia amene tinathaŵira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980 tinapeza dziko la mtendere, koma la anthu olankhula monong'ona. M'masiku amenewo munatchuka mnyamata wina amene anapeza njira yonenera poyera zimene anzake ankaopa kutchula. Dzina lake linali Dunduzu Chisiza, koma onse ankangoti Du.

Iye anabadwa pa 26 March 1963 ali kale mwana wamasiye, pakuti atate ake, a Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, anali atafa pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 1962. Luso lake linaonekera ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre, pamene seŵero lake la The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa masukulu mu 1982. Pambuyo pake anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, m'dziko la America.

Atabwerako mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre. Kufikira nthaŵi imeneyo anthu ankayesa zisudzo chinthu chongotayitsa nthaŵi. Iye anazisandutsa ntchito yodyetsa munthu. Maseŵero ankalemba yekha, nkuphunzitsa anzake, iye mwini nkuseŵeranso. Popeza seŵero lililonse linkayenera kuyamba laloledwa ndi a boma, iye ankabisa mawu ake m'kamwa mwa anthu a m'seŵero, monga muja achitira akuluakulu pophiphiritsa ndi nthano. Oonera Papa's Empire sanafune wina woŵamasulira kuti ufumuwo unali wa yani.

Koma moyo wa munthu suyenda njira imodzi. Ulamuliro wa Dr. Banda uli pafupi kutha, Du anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, maseŵero ndi chikhalidwe m'boma lomwe ankalidzudzula lija, ndipo ambiri omukonda anakhumudwa. Chipanicho chitagonja pa chisankho cha 1994, iye anabwerera ku ntchito yake yakale.

Anamwalira pa 24 February 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'manja mwake pa zisudzo, ndiye anatsala akutsogolera gululo. Za unduna wake akuzikumbukira ndi oŵerengeka. Chimene sichinaiŵalike ndi chakuti pa nthaŵi ya mantha anthu ankatuluka m'maseŵero ake atamva zoona.