Robert Moog, Mmisiri Amene Adaphunzitsa Magetsi Kuimba

Limba lamagetsi lija limene anyamata amanyamula pa njinga popita ku kwaya kapena ku ukwati liri ndi makolo ace, monga momwe munthu ali yense ali nao. Malimba a masiku ano amagwira nchito yao mwa njira ya kompyuta, koma mmodzi wa amisiri amene adayamba kulambula njirayo, naonetsa kuti magetsi angathe kuimba nyimbo yokoma m'manja mwa munthu wamba, ndiye Robert Moog wa ku America.

Moog adabadwa pa 23 May, 1934, mu mzinda wa New York. Atate ace, a George Moog, adali mmisiri wa magetsi ku kampani ya Consolidated Edison, ndipo kunsi kwa nyumba yao kudali kacipinda kodzaza ndi mawaya ndi zitsulo. Amai ace adafunitsitsa kuti mwanayo akhale woimba piyano, namkhazika pa mpando wa piyanoyo masiku onse; koma mtima wa mnyamatayo udali ku kacipinda kaja. M'caka ca 1949 adapeza m'magazini cithunzi ca mapangidwe a coimbira cina cacilendo cochedwa theremin, cimene Leon Theremin wa ku Russia adacitulukira m'caka ca 1920. Coimbira cimeneci munthu sacikhudza konse ai. Ciri ndi kandodo kacitsulo koimirira ndi kacitsulo kena kopindika. Dzanja lamanja likayandikira kandodoko mau amakwera, lamanzere likayandikira kopindikako mau amacepa. Mnyamatayo adapanga cace, ndipo pofika 1953 iye ndi atate ace adali atayamba kupanga zina zogulitsa. Ndarama za malondawa zidamthandiza pa maphunziro ace ku Queens College, ku Columbia, ndi potsiriza ku Cornell, kumene adalandira digiri ya udokotala wa sayansi m'caka ca 1965.

Mwezi wa November, 1963, pa msonkhano wa aphunzitsi a nyimbo ku Rochester, Moog adakomana ndi Herbert Deutsch, mphunzitsi ndi wopeka nyimbo. Deutsch adali ndi cilakolako ca mau atsopano amene gitala kapena lipenga sizingathe kuturutsa. Makina otere adalipo kale, koma adali a anthu owerengeka: aja a RCA Mark II amene adali ku Columbia adadzaza cipinda conse, ndipo woimba adayenera kuyamba waboola timabowo pa pepala lalitali asanamve liu ngakhale limodzi. Tsono m'caka ca 1964 awiriwa adakhala pamodzi masabata angapo m'sitoro ya Moog m'kamudzi ka Trumansburg, wina akulumikiza mawaya, mnzace akuchera khutu ndi kunena cimene cikusowa. M'menemo ndimo mudabadwira synthesizer ya Moog.

Nzeru yace yeni yeni njosabvuta kuimvetsa. Moog adagawa nchito ya coimbira m'timabokosi tosiyana, kali konse ndi udindo wace. Koyamba, kochedwa oscillator, ndiko kasupe wa mau: kamanjenjemeretsa magetsi, ndipo akanjenjemera msanga mau amakwera, akanjenjemera pang'ono pang'ono amatsika. Kaciwiri ndi filter, kamene nchito yace ikunga ya sefa wa ufa, pakuti kamalola mbali zina za mau kupyola ndi kutsekereza zina, kotero kuti liu lomwelo lingathe kumveka lakuthwa ngati la nkhululu kapena lonenepa ngati la ng'ombe. Kacitatu ndi amplifier, kamene kali ngati citseko cotsegukira mau. Padalinso kacinai, kamene adakakonza potsata uphungu wa Vladimir Ussachevsky wa ku Columbia, kolamula kuti liu liyambe bwanji, likhale nthawi yotani ndi kuzirala bwanji. Pakuti ng'oma imayamba mwadzidzidzi nkutha msanga, pamene citoliro cimayamba mofatsa nkupitirira malinga ndi mpweya wa woimba. Cimene cidamanga timabokosi tonseti pamodzi ndi ici: kali konse kadali kumvera mphamvu ya magetsi yocokera kwa kanzace. Moog adaika muyeso wakuti volt imodzi ikaonjezeka, mau akwere kucokera pa do wapansi kufikira pa do wapamwamba, ndipo amisiri ambiri akutsatabe muyeso umenewu kufikira lero. Woimba adali kulumikiza timabokosito ndi zingwe kutsogolo kwa makina, monga adali kucitira akalaliki a lamya ku positi ofesi masiku akale.

Mwezi wa October, 1964, adaonetsa makinawa pa msonkhano wa Audio Engineering Society ku New York, ndipo woyamba kugula adali Alwin Nikolais, mtsogoleri wa gulu la obvina. Koma dziko lonse lidadzidzimuka m'caka ca 1968, pamene Wendy Carlos adaturutsa cimbale cochedwa Switched-On Bach, ca nyimbo za Johann Sebastian Bach, katswiri uja wa limba la m'nyumba za mapemphero wa ku Germany. Nchitoyi idali ya cipiriro coopsa, pakuti makinawo adali kuturutsa liu limodzi lokha pa nthawi imodzi; cotero mzere uli wonse wa nyimbo udajambulidwa pa wokha, monga ngati munthu mmodzi aimbe yekha soprano, alto, tenor ndi bass motsatizana, kenaka nkuzisanjikiza. Cimbaleco cidagulidwa koposa 1,000,000 nicilandira mphoto zitatu za Grammy. Caka cotsatira a Beatles adaika mau a Moog m'cimbale cao ca Abbey Road. Bungwe la oimba la ku America lidacita mantha kuti anthu ace adzasowa nchito, ndipo kwa kanthawi lidaletsa makinawa pa nchito zina zojambula. Manthawo adali opitirira, cifukwa makinawo adali kufuna woimba waluso koposa kale.

Padali bvuto limodzi limene lidasautsa Moog ndi ogula ace zaka zambiri. Ma oscillator oyambawo adali kumva kutentha ndi kuzizira ngati cikopa ca ng'oma. Woimba akakonza mau bwino bwino m'cipinda cozizira, pofika pakati pa nyimbo, makina atatentha, mau adali atasokera. Ncifukwa cace eni makina otere amaayatsa mphindi 15 kapena 20 asanayambe kukonza mau, monga woimba ng'oma amayamba waiwamba pamoto. Cinanso, zingwe zija zidali zocuruka, ndipo makinawo adali olemera ndi okwera mtengo. M'caka ca 1970 anchito ace, poyamba Bill Hemsath amene adatolera zipangizo zotsala m'fakitale, adapanga kakang'ono konyamulika kochedwa Minimoog, ka ma oscillator atatu ndi makiyi 44, mawaya onse atalumikizidwa kale m'kati. Moog mwini wace poyamba sadakhulupirire kuti kadzagulidwa. Koma pofika 1981 timakina totere tidali titapangidwa pafupi 12,000.

Pakati pa mitundu iwiriyi padaturuka wacitatu, wochedwa semi-modular. Wodziwika woyamba udali ARP 2600 wa Alan Pearlman, wopikisana ndi Moog, m'caka ca 1971; kenaka Korg MS-20 wa ku Japan m'caka ca 1978; ndipo kampani ya dzina la Moog idaturutsa wace, Mother-32, m'caka ca 2015, mwini dzina atagona kale. M'makina otere njira ya mau njolumikizidwa kale m'kati, kotero kuti amaimba popanda cingwe ciri conse. Koma kutsogolo kuli timabowo, ndipo munthu akalowetsa cingwe m'kabowo kolandira, kacitsulo ka m'katimo kamakankhidwa, njira yakale imaduka, mau natsata njira yatsopano. Apa ndipo ambiri amasokonezeka, nayesa kuti makina aonongeka pamene ali bwino. Mmisiri wocenjera sathamangira kumasula bokosi. Amayamba wazula zingwe zonse, kuti makina abwerere ku njira yao ya cibadwidwe. Akatero amatsata mau monga mlimi amatsata ngalande ya madzi kucokera ku mtsinje kufikira ku dimba: kodi kasupe akuturutsa? kodi sefa sadatsekedwe kotheratu? kodi citseko cikutseguka kiyi ikadinidwa? Kawiri kawiri colakwa cimapezeka pa sefa wopotokoledwa mpaka pansi, kapena pa cingwe cimene calumikiza kabowo koturutsa ndi kanzace koturutsanso. Ngati zonsezi ziri bwino koma mau akudukaduka, ndiye kuti kacitsulo ka m'kabowo kagwira pfumbi kapena dzimbiri, ndipo sikakubwerera pamalo pace. Ku malo onga Muloza, kumene mvula ndi ciperoni za m'phiri la Mulanje zimanyowetsa ngakhale mcere wa m'nyumba, nthenda imeneyi imagwira limba lamagetsi la mtundu uli wonse. Losungidwa pansi pa simenti m'cipinda cotseka silicedwa kusasa mau.

Pa zamalonda Moog sadali wocenjera, ndipo iye mwini sadabise zimenezi. Mwa nzeru zonse za m'makina ace adalembetsa ku boma imodzi yokha, ya sefa uja, imene idabvomerezedwa m'caka ca 1969. Zina zonse ena adatengera mwaulere. Ngongole zitamkulira, m'caka ca 1971 adagulitsa kampani yace kwa Bill Waytena, ndipo mu 1973 idapitanso m'manja mwa kampani ya Norlin. Moog adasanduka wanchito m'nyumba imene adamanga yekha, nacokamo m'caka ca 1977. Cowawa koposa cidali cakuti dzina lidatsalira komweko: munthu wochedwa Moog sadaloledwe kulemba dzina la atate ace pa cinthu copanga ndi manja ace. Adasamukira ku mapiri a North Carolina, pafupi ndi Asheville, m'caka ca 1978, nayamba kampani yaing'ono yochedwa Big Briar, nabwerera ku theremin wa pa unyamata wace. M'caka ca 1983 a Yamaha adaturutsa DX7, limba la mtundu wa kompyuta losasokera mau, ndipo makina akale aja adayamba kugulitsidwa pa mtengo wotaya. Zaka zina za m'ma 1980 Moog adagwira nchito ku kampani ya Kurzweil, pambuyo pace naphunzitsa pa yunivesite ya ku Asheville. Tsiku lina adaonana maso ndi maso ndi Leon Theremin, nkhalamba ya zaka zoposa 90, imene idazunzikapo m'ndende za Stalin ndipo anthu ambiri a ku America adali kuiyesa yakufa kale.

Oimba a m'ma 1990 adayambanso kufunafuna mau onenepa a makina akale, amene kompyuta idali isanathe kuatsanzira bwino. Moog adalandira mphoto ya Polar Music Prize ku Sweden m'caka ca 2001, ndipo mu 2002, atalimbana m'makhoti, adaombola dzina lace, patapita zaka 31 cigulitsire. Caka comweco adaturutsa Minimoog Voyager. Ngakhale pa ulemu wonsewu sadalole kuchedwa woimba. Adali kudziwerengera pamodzi ndi osula zipangizo, ndipo nthawi yambiri adali kuithera pomvera madandaulo a oimba ndi kukonza makina monga mwa zosowa zao.

Dzinalo adakhala nalo zaka zitatu zokha. Mwezi wa April, 2005, madokotala adampeza ndi cotupa ca mu ubongo, ndipo adamwalira kwao ku Asheville pa 21 August caka comweco, ali ndi zaka 71. M'caka ca 2006 a pabanja pace adakhazikitsa bungwe la Bob Moog Foundation, limene lidayamba kuphunzitsa ana a sukulu za pulaimale mmene mau amabadwira ndi kuyendera, pogwiritsa nchito theremin.