Michael Faraday: Mphunzitsi Amene Ankayamba ndi Kandulo

Ambirife tinaloweza tili ku pulayimale kuti zinthu zimapezeka m'magulu atatu: zolimba, zamadzimadzi ndi mipweya. Tinalemba pa mayeso, tinakhoza, kenako tinaiwala. Ena mwa ife posachedwa tiima kutsogolo kwa kalasi kuphunzitsa phunziro lomweli, n'chifukwa chake tasankha kukumbukira munthu amene ankaliphunzitsa mwakuti ana sankaliiwala.

Michael Faraday anabadwa pa 22 September 1791 kufupi ndi London. Bambo ake anali wosula zitsulo wodwaladwala, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku kwa George Riebau. Kwa zaka 7 ankawerenga mabuku amene ankamatawo. Mu 1812 anakamvetsera maphunziro a Humphry Davy ku Royal Institution, analemba bwino zonse zimene anamva, anazimata kukhala buku n'kumutumizira Davy. Chaka chotsatira anamulemba ntchito yothandiza mu labotale.

Mu 1823 Faraday anaika timibulu ta klorini wosakanikirana ndi madzi m'chubu cha galasi chopindika, n'kuchitseka. Anatenthetsa mbali imodzi, inayo n'kuiziziritsa. Mpweya wa klorini unasowa kothawira, unapanikizika, ndipo kumbali yozizira kunaoneka madontho achikasu onga mafuta. Mpweya unali utasanduka wamadzimadzi. Chaka chomwecho anachita zomwezo ndi amoniya ndi kaboni dayokosaidi. Ntchitoyi inali yoopsa, machubu ankaphulika, ndipo tizidutswa ta galasi tinamuvulazapo m'maso. Davy anafuna kuti ulemu wina wa ntchitoyi upite kwa iye, ndipo anatsutsa zoti Faraday alowe m'bungwe la Royal Society. Anasankhidwabe mu 1824.

Zimene anapezazi zinaonetsa kuti magulu atatu aja sali ngati makola otseka. Chinthu chimodzi chikhoza kuchoka m'gulu lina kupita m'linzake malinga ndi kutentha ndi kupanikizika. Firiji imayendera mfundo yomweyi: zamadzimadzi za m'mipaipi yake zikamasanduka mpweya zimayamwa kutentha kwa m'katimo. Si mipweya yonse imene inamugonjera. Mu 1845 anayesanso, koma okosijeni, nayitrojeni ndi haidrojeni zinakanika. Okosijeni anadzatheka mu 1877, ndipo haidrojeni mu 1898 m'manja mwa James Dewar, ku Royal Institution komweko.

Ife chimene chatikhudza kwambiri ndi kaphunzitsidwe kake. Anathandiza kuyambitsa maphunziro a achinyamata a nyengo ya Khirisimasi mu 1825, ndipo iye mwini anawaphunzitsa maulendo 19. Otchuka kwambiri anali onena za kandulo, amene anasindikizidwa m'buku mu 1861. Ankayatsa kandulo n'kuuza ana kuti ayang'anitsitse. Phula ndi lolimba. Moto ukalifika limasungunuka n'kukhala m'kadzenje kozungulira chingwe. Phula losungunukalo limakwera m'chingwe monga momwe madzi amakwerera m'nsalu youma, ndipo pamwamba limasanduka nthunzi. Chimene chimayaka ndi nthunziyo. Pofuna kutsimikizira, ankazimitsa kandulo n'kuyandikiza moto pa utsi woyera umene ukukwera, ndipo lawi linkatsika mu utsimo n'kukayatsanso chingwe osachikhudza. Magulu onse atatu anaonekera pa kandulo imodzi.

Faraday anali mkulu mu mpingo waung'ono wa Sandemanian. Anakana kawiri kukhala pulezidenti wa Royal Society, ndipo pa nkhondo ya ku Crimea anakana kuthandiza boma kupanga mipweya yophera anthu. Atakalamba ankaiwala kwambiri. Anamwalira pa 25 August 1867 ku Hampton Court ndipo anaikidwa ku manda a Highgate.

Tikadzatumizidwa kusukulu yopanda labotale, tisadzathamangire kulemba matanthauzo pa bolodi kuti ana akopere. Kandulo ndi bokosi la machesi zimapezeka pa golosale iliyonse. Tidzayatse, tidzawafunse ana kuti chimene chikuyaka n'chiyani, ndipo tidzadikire yankho lawo.