Mbusa David Clement Scott, Mmisiri wa Tchalitchi cha pa Mishoni ya Blantyre

Ambiri a ife amene tinachoka kuno ku Chigwa cha Shire kupita ku Blantyre, kaya kokaphunzira kaya kokafuna ntchito, tinaimapo kuyang'ana tchalitchi cha njerwa zofiira cha St Michael and All Angels chimene chili pafupi ndi sukulu ya HHI. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mkulu amene anatsogolera ntchito yochimanga sanapiteko kusukulu ya zomangamanga. Mkuluyu anali Mbusa David Clement Scott.

A Scott anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1853 ndipo anaphunzira pa Yunivesite ya Edinburgh. Anafika m'dziko muno m'chaka cha 1881. Masiku amenewo njira ya alendo inali mtsinje wathu wa Shire. Ankadutsa kuno ku Nsanje, kukatsika cha ku Chikwawa, kenaka n'kukwera mapiri pansi mpaka ku Blantyre.

Anapeza mishoni ili pamavuto aakulu. Mishoniyi inakhazikitsidwa mu 1876, koma amishoni oyambawo anadzisandutsa oweruza milandu, nkumakwapula anthu mwankhanza. Mbiri yoipayi itamveka ku Scotland, akuluakulu a mpingo anachotsa atsogoleri a pamalopo. Choncho ntchito yoyamba ya a Scott inali yobwezeretsa chikhulupiriro cha mafumu ndi anthu awo. Anachita izi pophunzira chinenero ndi miyambo ya eni nthaka, komanso polemekeza njira yawo yokambira milandu pabwalo.

Ntchito yomanga tchalitchi inayamba mu 1888. Panalibe mapulani olembedwa ndi katswiri, ndipo anthu amene anagwira ntchitoyi anali a m'midzi yozungulira, amene anaphunzira kuumba njerwa ndi kumanga ali pantchito pomwepo. Njerwa zonse zinaumbidwa ndi kuotchedwa pamalopo, ndipo zikombole zake zinali zamitundu 81 kuti pakhale njerwa yoyenera pangodya, pazipilala ndi pamakomo okhota pamwamba. Asanamange chigawo chovuta, a Scott ankayamba asanja njerwa popanda dothi kuti aone ngati zigwirana. Akakhutira, amisiri ankamanga.

Tchalitchichi chinatsegulidwa pa 10 May 1891. M'litali ndi mamita pafupifupi 32, m'lifupi mamita 9, ndipo denga lake linatalika mamita 11 kuchokera pansi. Chili ndi nsanja ziwiri kumaso, denga lozungulira ngati mphika wovundikira, ndiponso zipilala zakunja zochirikiza makoma monga zimakhalira pa matchalitchi akale a ku Ulaya. Tikumbukire kuti tchalitchi chachikulu cha ku Cologne, m'dziko la Germany, chinayambidwa mu 1248 nkudzatha mu 1880. N'zoona kuti cha ku Blantyre n'chaching'ono poyerekeza ndi chimenecho, komabe kuchitsiriza m'zaka zitatu, ndi amisiri ongophunzira kumene, si nkhani yamasewera.

Ife a kuchigwa tili ndi chifukwa china chowakumbukirira. Mu 1892 anasindikiza buku lotanthauzira mawu a Chimang'anja lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. M'bukumo sanangondandalika mawu okha ayi, koma anafotokozanso miyambo, ulimi, nthano ndi kaganizidwe ka Amang'anja. Mbusa Alexander Hetherwick analikonzanso ndi kulitulutsa mu 1929, ndipo akatswiri a Chichewa akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira nthawi imeneyo.

A Scott ankakhulupirira kuti mpingo wa m'dziko muno uyenera kudzatsogoleredwa ndi eni dziko. M'zaka za m'ma 1890 anasankha madikoni achikuda ndi kuwapatsa udindo weniweni. Ena mwa iwo anali John Gray Kufa, Mungo Murray Chisuse ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzadzozedwa ubusa mu 1911. Kudzera m'nyuzipepala ya mishoni, a Scott anatsutsanso maganizo opereka dziko lino m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, ndipo ankadzudzula kulanda malo ndi misonkho yolemetsa. Zimenezi zinawadanitsa ndi azungu a m'maesiteti, akuluakulu a boma la atsamunda ngakhalenso amishoni anzawo ena.

Masautso sanawasiye. Mu 1895 anataya mkazi wawo komanso mng'ono wawo, Dr William Affleck Scott. Thanzi lawo linafooka, ndipo mu 1898 anachoka ku Blantyre, udindo nkusiyira a Hetherwick. Mu 1901 anapita kukatumikira ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene anamwalira mu 1907 ali ndi zaka 54.

Anzanga, tchalitchi chija chikadaima, ndipo akhristu a CCAP akupempheramobe patatha zaka zoposa 130. Maina a amisiri ambiri amene anaponda dothi ndi kusenza njerwa sanalembedwe, koma ntchito ya manja awo ikuoneka. Mukadzapezeka ku Blantyre, patukirani pamishoni, ana anu ali nanu, mukawaonetse zimene makolo athu anatha kuchita atapatsidwa mpata ndi ulemu.